Mwendo wa Amayi Unadikira Kalata

Masiku ano kuli atsikana oyenda m'makomboni ndi zikwama zodzaza timabotolo ta masamba, kumauza anthu kuti thupi limadzichiza lokha. Mmodzi anandipeza pakhonde mwezi wathawu, wodzola bwino, mano oyera mbee, n'kuyamba kundiphunzitsa ine. Ndinamusiya alankhule mpaka malovu amuume. Atatha ndinati, "Mwanawe, nyimbo imeneyo ndinaimva amako asanabadwe, ndipo woimba wake anali bambo anga ondibala. Nyamula chikwama chako." Anachoka akung'ung'udza kuti gogo ameneyu ngovuta. Eya, ndine wovuta. Mawu aja oti thupi limadzichiza lokha anandidyera mayi, ndipo ineyo ndinathandizira.

Ababa anachoka kwathu ku Dedza, ku Malawi, ali mnyamata n'kuwoloka malire kubwera kuno, dziko lino likadali m'manja mwa azungu. Anapeza ntchito ya ukhukhi kumayadi, ndipo atakhazikika anabwerera kukatenga Amayi. Ife ana tonse tinabadwira ku Kanyama, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe malata ake ankapsinjidwa ndi miyala. Mzungu wa Ababa anali wamtundu wake. Nyama sankadya, mapilitsi sankafuna n'kuwaona komwe, Lachisanu lililonse ankasala kudya n'kumangomwa madzi a mandimu, ndipo m'mawa ankagona pa kapinga ndi kabudula yekha, kuwothera dzuwa ngati buluzi. Antchito ankamuseka kukhitchini. Ababa nawonso ankaseka nawo, mpaka chaka chomwe anadwala m'mimba.

Anawonda mpaka kuboola mabowo atsopano pa lamba. Atapempha tsiku loti apite kuchipatala, mzungu anakana. Anawagoneka m'kanyumba ka antchito, masiku atatu madzi okhaokha, kenaka mapapaya ndi msuzi wa kabichi. Ndipo anachira. Sindingawanamizire akufa, anachiradi, mimba ija sinawavutenso mpaka kumanda. Ufulu utabwera mzungu analongedza n'kupita kum'mwera. Akhukhi ena ankasiyiridwa wailesi kapena jekete, koma Ababa anasiyiridwa buku lothothoka chikuto, kagalasi kofinyira mandimu, ndi chikhulupiriro cholimba kuposa cha kutchalitchi.

"Mulungu poumba munthu anaikamo dokotala m'kati," ankatero, chala chili m'mwamba. "Ntchito yathu ndi kusamusokoneza basi. Ukadzitema ndi mpeni, amalumikiza khungu ndani? Jekeseni?"

Ife ana tinakula ndi lamulo limenelo. Ukadwala, chakudya chinkachoka pamaso pako n'kubwera kapu ya mandimu, moti tinaphunzira kubisa matenda. Tsiku la katemera kusukulu Ababa ankatitsekera m'nyumba ndi loko. Iwo akangopita kuntchito, Amayi ankatitulutsira pawindo mmodzimmodzi, ndipo tikabwerako ankativeka malaya a manja aatali kuti chipsera chisaoneke. Kukana kwa Amayi kunali komweko, kwa pawindo. Pamaso pa amuna awo sanatsutsepo ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye nthawi nayo inawakomera Ababa. Zinali zaka za chipani chimodzi, zaka za khadi m'thumba ndi mizere. Mzere wa ufa, mzere wa mafuta ophikira, mzere wa sopo. Kukiliniki unkalawira m'mamawa, kukhala pabenchi mpaka dzuwa lifike pamutu, n'kuuzidwa kuti mankhwala kulibe, bwerani sabata ya mawa. Munthu wobwezedwa choncho apite kuti? Ankabwera kwathu. Ababa ankamukhazika pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa papaya, kumuyang'ana lilime, kumuletsa shuga ndi nyama, zinthu zomwe ambiri analibe n'kale, n'kumumwetsa madzi a mandimu. Wachimfine ankachira. Wamatsire ankachira. Ngakhale wapampando wa chipani m'dera lathu, bambo wa mimba yaikulu yemwe anyamata ake ankatseka msika akafuna, anadzakhalapo pampando umenewo atatupa mapazi. Ababa anamuletsa mowa mwezi umodzi, mapazi anaphwa, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wowatsutsa mokweza. Komboni yonse inkawaitana ba Dokota ba Mandimu. Sankalandira kanthu, ngakhale dzira. Ankakhuta ndi kuona amuna akuluakulu akuvula chipewa podutsa pakhomo pathu.

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mwana woyamba, wokwatiwa ku Chawama. Ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ya boma m'tauni. Tsiku lonse ndinkalemba makalata a anthu ena n'kumawapereka kuti asayinidwe, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa mapepala.

Amayi ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Anali mayi wonenepa, woseka msanga, wosadziwa kudandaula. Kwa miyezi ingapo ankamva ludzu losatha, kumwa madzi chikho pa chikho, kuchimbudzi kosalekeza, thupi likutsika. Ababa anati zili bwino, thupi likudzichapa. Kenaka mvula inabwera. Amene anakhalako ku Kanyama akudziwa, pansi pake ndi mwala wokhawokha, madzi alibe kolowera, amangoima m'njira pamodzi ndi zonse zosefukira m'zimbudzi. Tsiku lina kunamveka kuti kusitolo ya boma kwafika sopo. Amayi anavula nsapato, kuziika pamutu kuti zisawonongeke, n'kulowa m'madzimo. Anaponda botolo losweka. Anaima pamzere m'mawa wonse magazi akutuluka kuphazi, osamva kuwawa kulikonse, mpaka mayi wa kumbuyo kwawo ndiye anawaonetsa. Sopoyo anamupeza, mmodzi yekha, ndipo anafika naye kunyumba akuseka kuti nsapato zapulumuka.

Chilondacho chinali pansi pa zala za phazi lamanzere, chachifupi kuposa chala changa chaching'ono. Ababa anapinda malaya. M'mawa kutsuka ndi madzi a mchere, kupala papaya laliwisi n'kumata pabalapo, kenaka phazi padzuwa mpaka masana. Nsima analetsa, ati imalemetsa magazi. Amayi ankadya zipatso ndi kumwa mandimu. Loweruka lililonse ndinkabwera ine n'kulandira ntchitoyo, poti ndinaiphunzira ndili kamwana ndipo manja anga ankaidziwa bwino.

Loweruka lachitatu ndinamva fungo ndisanalowe m'nyumba. Nditamasula nsanza, zala ziwiri zinali zitada bii, phazi litatupa, mafinya akuchucha. Ndinaitana Ababa mtima uli m'mwamba. Anawerama, kuyang'anitsitsa, n'kugwedeza mutu mokondwa.

"Waona? Ameneyo ndiye dokotala wa m'kati, akusesa nyumba. Uve wonse wa zaka ndi zaka ukutulukira pamenepa. Chilonda chimayamba chaipa chisanapole. M'bukumu analemba."

Anatsegula bukulo n'kundilozera ndi chala, ndipo zinalembedwadi, m'Chingerezi chabwino. Ine wa Fomu Thuu, wotayipa makalata a boma, ndinawerenga n'kuvomera ndi mutu. Tsiku lomwelo kunkabwera amayi a kutchalitchi kudzapemphera ndi wodwala, ndiye ndinatenga makoko a mandimu n'kuwaika pa mbaula kuti utsi wake uphimbe fungo. Zimenezo zinali nzeru zanga, palibe anandituma.

Amene anandidzudzula anali anansi athu, mayi wa Chibemba wogulitsa makala, omwe tonse tinkawaitana bana Mpundu chifukwa anabereka mapasa. Pakamwa pawo panalibe chitseko. Anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe, uli na maso olo ulibe? Mwendo wa bamai bako waola! Muzapaya muntu na mapopo yanu aya. Batate bako ni dokota wa kuti? Banaphunzila mu kicheni!"

Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti asamale pakamwa. Koma Lachiwiri lotsatira ndinanama kuntchito kuti mwana wadwala. Ndinkadziwa kuti tsiku limenelo Ababa amapalasa njinga kupita kumayadi kukapempha mapapaya kwa akhukhi anzawo. Atangokhota pangodya, bana Mpundu anakutumula wilibala yawo ya makala, tinayalamo thumba ndi chitenje, n'kuwakwezamo Amayi. Thupi linali moto, ankayankhula zosamveka, kuitana anthu a ku Dedza amene anafa kalekale. Tinakankha m'matope mpaka kumsewu wa tala, komwe mwini galimoto wina anatimvera chisoni.

Kuchipatala chachikulu dokotala anali wamsinkhu wanga. Anabaya phazi ndi singano, Amayi osatekeseka. Anabaya pamwamba pa kakolo, chimodzimodzi. Atafika pafupi ndi bondo ndiye anakuwa. Anatenga magazi, ndipo masana nesi wina wachikulire anandiitanira pambali. Anati Amayi ali ndi matenda a shuga, ndiwo ludzu lija, ndiwonso akuletsa chilonda kupola. Phazi linafa kale. Akadula pansi pa bondo sabata yomweyo munthu akhala moyo, adzayenda ndi ndodo. Akachedwa, kudako kukwera.

Amayi sakanatha kuvomera okha, mutu unali utasokonezeka ndi kutentha kwa thupi. Pankafunika wachibale. Nesi anabweretsa chipepala pa kathabwa, cholembera chake chomangidwa ndi ulusi kuti anthu asabe.

"Ndimwe mwana mukulu? Muli na zaka zingati? Basi, sayinani apa. Mailo m'mamawa bazayamba na beve." Ankanena za mawa lake.

Ndinachigwira cholemberacho. Ndikuchionabe mpaka lero, chabuluu, chotafunidwa kumapeto. Koma sindinasayine. Inu a masiku ano simungamvetse. Kwathu mkazi, ngakhale akalambire pabanja, mwini wake ndi mlongo wake wamwamuna, mwini mbumba. Mwamuna amachita kubwereka. Nanga mwana? Mwana wamkazi adulitse mwendo wa amake, bambo ali moyo, atsibweni ali moyo? Ndinaoneratu maso a anthu pamaliro, zitati zalakwika patebulo la dokotala, onse akuloza ine. Ndinabweza cholembera n'kunena kuti tidikire Ababa.

Nesi anatsonya. "Imwe ba ku Malawi na bamalume banu! Mwendo siuyembekeza malume, mwamvela?"

Ababa anafika dzuwa litapendeka, atavala jekete ndi tayi, buku kukhwapa. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma ayi. Anavula chipewa, anapereka moni kwa manesi onse, anamvetsera dokotala mpaka kumapeto. Kenaka anayankha mofatsa, ndi mawu awo a pamsonkhano wa akulu a mpingo.

"Adokotala, mayi awa si anga. Ndinachita kupatsidwa. Mwini wake ali ku Dedza, mlongo wawo. Ndinawatenga ndi miyendo iwiri. Ndikakabweza munthu wa mwendo umodzi, eni ake osadziwa, ndikanena kuti chiyani?"

Ha! Atsibweni omwewo amene Ababa moyo wawo wonse ankawatcha chidakwa chosadziwa kulemba dzina lake! Zaka makumi atatu sanawafunsepo kanthu, ngakhale za ukwati wanga anangowadziwitsa zitatha. Tsiku limenelo ndiye anakumbukira mwambo. Ndinadziwa pomwepo chimene ankafuna, ndipo panja, pafupi ndi mpope, ananena okha. "Ndipatse masabata atatu, mayi. Kalata ikamapita ndi kubwera, chilonda chikhala chitapola. Udzandithokoza."

Ndinabwerera pabedi pa Amayi. Jekeseni yomwe anawabaya inali itatsitsa kutentha, maso anali atayera pang'ono. Ndinagwada n'kuwafunsa kukhutu kuti iwowo akufuna chiyani.

"Usakangane ndi bambo ako pamaso pa anthu," anatero. "Lembera atsibweni ako." Kenaka anawonjeza motsitsa kwambiri. "Koma ine kununkhaku kwanditopetsa, mwanawe. Akanangochotsa chimene chikununkhacho."

Amenewo anali mawu a pawindo, ndinawazindikira. Ndikanathamangira nesi pomwepo kuti adzamve yekha, adinditse chala cha mwini mwendo. Sindinapite. Ndinatola mawu oyambawo, poti ndiwo anali opepuka kunyamula. Chipepala china Ababa anasayina bwinobwino, chija chovomera kuti akutulutsa wodwala mwa kufuna kwawo. Chimenecho sichinafune mwini mbumba.

Ndinati titumize telegalamu. Ababa anakana, ati nkhani ya mwendo wa munthu sungainene m'mawu asanu ngati ukuitanitsa thumba la chimanga, n'chipongwe kwa eni mbumba. Amuna anga, munthu wa ku Chipata wosachulutsa mawu, anangoti za kuchipongozi iwo salowerera. Ndiye kalatayo ndinaitayipa kuofesi nthawi ya nkhomaliro, ndi kaboni pansi. Inali kalata yokongola, Mulungu andikhululukire. Theka la tsamba linali moni: atsibweni, akazi awo, ana, mvula yagwa bwanji, mbuzi zili bwanji. Za mwendo zinabwera kumunsi, mwaulemu, kupempha maganizo awo ngati angakhale ndi mpata. Kalatayo inkayenera kukwera basi mpaka kumalire, kukafika ku Dedza, kukagona m'bokosi la sukulu ya mishoni, kudikira Lamlungu kuti wina aitengere kumudzi, kenaka kusaka mphunzitsi woti awawerengere. Zonsezi ndinkazidziwa pomata sitampa.

Sindinganene kuti Ababa sankawakonda Amayi. Zikanakhala choncho bwenzi nditapepukidwa kalekale. Anasiya kulandira odwala ena onse. Ankawanyamula okha m'manja kupita nawo padzuwa, kuwadyetsa papaya ndi supuni, kuwaingitsira ntchentche ndi chipewa, kuwaimbira nyimbo za kutchalitchi ndi mawu awo osasa aja. Anamanga ulusi wofiira pamwendo, pomwe kuda kunalekezera, ati tizionera pamenepo mmene kukubwerera. Nditabwera Lachitatu, kuda kunali kutadutsa ulusi. Nditabwera Loweruka, ulusi unalinso pamalire penipeni. Ndinayang'anitsitsa. Ulusiwo ndiwo unali utakwera. Ndinawafunsa.

"Ndinamanga molakwika poyamba," anatero, osandiyang'ana.

Ulusi uja unakwera kanayi. Ine m'mawa uliwonse ndinkayamba ndafunsa mesenjala wa kuofesi ngati kwabwera kalata ya sitampa ya Malawi, mpaka anayamba kundizemba. Bana Mpundu anasiya kundipatsa moni. Pakadafunda padajiwitsa, ankatero Amayi tikamazengereza kukatunga madzi tili ana, ndipo mwambi umenewo unkandilira m'mutu ndikamatayipa. Wilibala ija inali pomwepo, yotsamizidwa kukhoma la bana Mpundu. Sindinaibwerekenso.

Sabata yomaliza Amayi anandituma kuti nditulutse nsapato zija pansi pa bedi. Zinali zakuda, za pulasitiki, zokulungidwa m'nyuzipepala.

"Utenge, zikadali zatsopano. Phazi lako ndi langa n'limodzi."

Ndinati adzavala okha akachira.

"Kalata ija sinabwere?"

"Sinabwere, Amayi."

"Kwathu n'kutali," anatero, n'kutseka maso.

Anamwalira Lachinayi masana, pamphasa kuseri kwa nyumba, phazi lili padzuwa monga mwa lamulo. Ulusi unali pamwamba pa bondo. Za maliro tinatumiza telegalamu, ndipo mawu anayi anakwana. Azimayi osambitsa thupi anatuluka m'nyumba atatseka mphuno ndi zitenje, bana Mpundu ali pakati pawo. Bana Mpunduwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulavula pansi.

Pamaliro Ababa sanasowe mawu. Ndinawamva ndi makutu angawa akufotokozera amuna pansi pa mtengo wa papaya kuti zonse zinkayenda bwino, chinawononga ndi jekeseni ija ya kuchipatala, inamugoneka dokotala wa m'kati ntchito ili pakati. "Ana a masiku ano, kupupuluma," anatero, ndipo amuna aja anavomera ndi mitu. Ine ndinali nditanyamula beseni la mbale. Ndinalakalaka kuwaponyera, mbale ndi madzi omwe. Ndinapitirira nalo kukatsuka, maso ali gwa, ndipo amayi ena ananong'onezana kuti mwana wamkuluyu ngouma mtima, taonani sakulira.

Yankho la atsibweni linafika patatha masiku asanu ndi anayi titaika maliro. Analilemba telegalamu isanawapeze. Linali la pensulo, pa pepala long'ambidwa m'kope, dzanja la mphunzitsi. Moni munalibe. "Mukundifunsiranji ine ndili kuno? Mwendowo ndikuuona ine? Mwana wamkulu ali pomwepo, ndiponso ngophunzira. Dulani msanga. Mlongo wanga abwere ndi ndodo, tidzamulimira."

Chidakwa chija! Ndinapita nayo kalatayo ku Kanyama tsiku lomwelo n'kuwapatsa Ababa. Anawerenga kawiri, kuipinda, kuilowetsa m'buku lawo lija. "Mtima nawonso umapola wokha, mayi," anatero. "Ungoupatsa nthawi." Ndinatuluka, ndipo kwa chaka chathunthu sindinapondeko.

Panapita zaka zisanu ndi chimodzi. Tinkayankhulana, koma zapamwamba chabe, mwadzuka bwanji, ana ali bwanji. M'mawa wina ndikusesa pakhomo ku Chawama ndinaona nkhalamba ikubwera wapansi, dzanja lamanja italigwirizira pachifuwa. Anali Ababa. Dzanjalo analikulunga ndi mpango wa Amayi, ndinauzindikira maluwa ake. Anati mphepo inasasula lata limodzi, ndipo pokonza linawacheka chala cha mkombaphala. Anamata papaya masiku anayi. Tsopano chala chinali chitada, dzanja lonse litatupa ngati buledi.

"Mayi, ndiperekeze kuchipatala."

Ndinaimitsa tsache. "Kuchipatala? Nanga dokotala wa m'kati uja wapita kutchuthi?"

"Chikuwawa," anatero. "Sindikugona. Ndikuopa, mwanawe."

Masiku anayi! Amayi anawola miyezi iwiri osadandaula, awa masiku anayi okha. Ndinafuna kuwauza kuti chilonda chimayamba chaipa chisanapole, m'bukumu analemba. Mawuwo anafika pamilomo penipeni. Ndinalowa m'nyumba kukavala nsapato.

Chipatala chinali chomwecho, mabenchi omwewo, fungo lomwelo. Dokotala anati chala chichoke lero lomwe kuti dzanja lipulumuke. Ababa anavomera iye asanamalize n'kuyankhula komwe. Koma dzanja lolembera ndilo linali lotupalo, ndipo lamanzere silinkadziwa kugwira cholembera. Nesi, kamtsikana, anatembenukira kwa ine ndi kathabwa. Cholembera chinali chomangidwa ndi ulusi.

"Ababa," ndinatero mokweza, kuti a pabenchi amve, "tisayambe talembera eni anu ku Dedza?"

Anayang'ana pansi.

Ndinasayina. Nesi anali asanamalize n'komwe kufunsa dzina la wodwala wotsatira pamene ndinamubwezera kathabwa kake. Ababa anawalowetsa m'kati, ine ndinatsala pakhonde ndikuyang'ana dzanja langa. Basi? Zinali zomwezi? Kukanda pepala kamodzi, mpweya umodzi osatha? Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira mokuwa, maliro aja ndinawasunga zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuitana Amayi. Anthu anandizungulira, ena akufunsana kuti wamwalira ndani.

Ndinali ndikadali pomwepo pamene anawatulutsa, dzanja lili m'bandeji yoyera, nkhope itatsitsimuka ndi mankhwala opha ululu. Anakhala ndi moyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndi zala zisanu ndi zinayi, akufinyirabe anthu mandimu ndi dzanja lamanzere. Koma tsiku limenelo anawerama, kundisisita paphewa, mawu atadzaza chifundo.

"Usalire choncho, mayi, anthu akuona. N'chala chabe."